Heniya ya mwana siidikira opaleshoni ya kamera

A Mkonzi,

Ndagwira ntchito ya unamwino m'chipinda cha ana mpaka kupuma. Chomwe chandilembetsa ndi makolo amene masiku ano akumakana opaleshoni ya heniya ya m'mphechepeche, ati akusonkha kaye ndalama zoti mwana akamupange "ya kamera" ku Johannesburg kapena ku India.

Heniya imeneyi mwana amabadwa nayo. Kanjira kamene machende amatsikira mwana ali m'mimba kamayenera kutsekeka. Kakapanda kutero, matumbo amalowamo n'kupanga chotupa. N'chifukwa chake imachuluka mwa anyamata ndi mwa ana obadwa masiku asanakwane, ndipo kawirikawiri imakhala kumanja. Siili ngati mchombo wotuluka umene nthawi zambiri umabwerera wokha mwana akamafika zaka 4 kapena 5. Iyi siitha yokha, ndipo m'chaka choyamba ndi pamene matumbo amakonda kukanirira.

Ya kamera ndi yabwino, sindikuinyoza. Dokotala amalowetsa kamera pamchombo, n'kumanga kanjirako ndi ulusi kuchokera mkati. Njira ina yotchuka, ya PIRS, yolowetsa ulusiwo ndi singano kudzera pakhungu, anaifalitsa Dariusz Patkowski wa ku Poland mu 2006. Phindu lake lenileni si chipsera chaching'ono ayi, poti ngakhale chipsera cha opaleshoni yong'amba chimabisala mumkwinya wa khungu mwana akamakula. Phindu n'lakuti dokotala amaona mbali inayo nthawi yomweyo, ndipo ikakhala yotseguka amaitsekeratu, mwana osadzagonekedwanso kachiwiri.

Koma pakapita zaka, njira ziwirizi zimangofanana. Mwa ana 100, heniya imabwerera mwa owerengeka chabe, kaya anang'amba kaya analowetsa kamera. Kamera itangoyamba, kubwererako kunkachulukirapo, makamaka akagwiritsa ntchito ulusi wosungunuka. Madokotala atazolowera n'kusintha ulusi, kusiyanako kunachepa. Kufota kwa tchende, kukwera kwake, kapena kudzaza madzi m'thumba, zonsezi zimachitika apo ndi apo pa njira zonse ziwiri. Ndipotu mwana amene heniya yake inayamba yakanirira ndiye ali pachiopsezo chachikulu choti tchende lifote, chifukwa magazi amakhala atatsekeredwa. Kudikirako ndiye kukuwononga chimene makolo akufuna kuteteza.

Kuno kwathu opaleshoni yong'amba imachitika bwinobwino, ndipo kuyambira 2017 tili ndi Mercy James Centre ku Queen Elizabeth ku Blantyre, yoona za opaleshoni ya ana.

Chimene ndikupempha anzanga azaumoyo ndi kulondoloza. Bala likapola timatsanzikana ndi mwana ngati nkhani yatha. Lembani m'buku lachipatala mbali imene yapangidwa ndi njira yake, ndipo kusikelo muzimuyang'ana ngati machende onse ali pansi ndipo akukula mofanana. Inu amayi, chotupa chikalimba, mwana n'kumalira osatonthola, kusanza, mimba kufufuma, musadikire kuti kuche, pitani naye usiku womwewo.

Namwino wopuma pantchito,
Zomba