Pakamwa pamandiuma ndikafuna kuwayankha amalume

Zikomo Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 21, ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amene andilera ndi kundilipirira sukulu mpaka kulemba MSCE ndi amalume, alongo awo a mayi anga. Kwathu kuno mukudziwa, mwinimbumba akalankhula ndiye kuti nkhani yatha.

Ine mtima wanga uli pa umakaniko. Pagalaja ina yapafupi ndi kwathu ndimaima nthawi yaitali kuonerera akumasula injini, moti mkulu wa pamenepo anayamba kumandipatsira sipanala. Ndikufuna ndikaphunzire ntchito yamanja imeneyi ku koleji ya Nasawa kudzera ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja. Koma amalume anakonza kale zoti ndizikagulitsa mushopu yawo kumsika waukulu. Akuti ntchito ya girisi ndi ya amuna, mkazi wonunkha oyilo palibe angamufunsire. Pano ayambanso kutchulatchula bambo wina wogula matemba ku Kachulu, ati ndi wakhalidwe.

Chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi pakamwa pangapa. Usiku mawu ndimawakonza bwinobwino, koma ndikagwada kuwapatsa madzi osamba m'manja, iwo n'kundisuzumira pamwamba pa magalasi awo, zonse zimabalalika. Chimatuluka ndi "chabwino amalume" basi. Mayi nawo amangoti mawu a akulu amakoma akagonera, ndisawachititse manyazi. Mwina n'zoona, koma moyo umene ukukonzedwawu adzaukhale ndi ine.

Mnzanga wina amene akuphunzira ku Chanco, yunivesite ya kuno ku Zomba, anandiuza kuti gawo 22 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kukakamiza munthu ukwati, ndipo aliyense wokwana zaka 18 salinso mwana pamaso pa lamulo. Zimenezo ndazimva. Koma ndingapite ndi buku la malamulo kwa munthu amene anagulitsa mbuzi zake kuti ine ndiphunzire? Sindikufuna mlandu, ndimawakonda.

Ndiye ndithandizeni. Ndiyambe bwanji kuwauza kuti ayi popanda kuoneka wamwano? Ndidzere kwa agogo kapena kwa abusa, kapena kutuma munthu n'kuthawanso komweko? Nanga akati "zako izo, usadzandipemphenso kanthu", ndipitirire ndi kandalama kanga ka mandasi kamene ndimasunga kubanki m'khonde, kapena ndidikire mtima wawo uphwe?

Ine wothedwa nzeru,
Chinamwali, Zomba