Ndende si chipatala cha osuta chamba

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za chigamulo cha khoti lina kuno kum'mawa, kumene mnyamata wa m'komboni mwathu, wokankha wilibala pamsika, wamangidwa chifukwa cha timipukutu tochepa ta chamba timene anamupeza nato m'thumba. Sanabe, sanamenye munthu, ndipo aliyense womudziwa angachitire umboni kuti chamba chinamulowa m'magazi, moti sangagwire ntchito asanasute. Amayi ake atapita kukamuona anamupeza mphere zili mbwee m'manja, ndipo anawauza kuti usiku amagona chammbali mothithikana, osatembenuka kufikira mzere wonse utagwirizana.

Tiwaombere m'manja akatswiri amene anaona kuti mankhwala a chizolowezi choipa ndi mphere ndi chifuwa chachikulu! Mu 2016 dzina la bungwe loyang'anira ndende la Zambia Prisons Service linasinthidwa kukhala Zambia Correctional Service, ati cholinga ndi kuwongola khalidwe. Kodi munthu angawongoke bwanji m'ndende zosunga akaidi ochuluka kuposa kawiri malo amene alipo, akugona pafupi ndi mbava zimene zimuphunzitse kuthyola maloko?

Chondipweteka kwambiri n'chakuti mu 2021 Nyumba ya Malamulo inalola kulima chamba cha mankhwala kwa amene ali ndi laisensi. Wandalama alime maekala, wa wilibala akagone pasimenti. Ndipo kholo la ku Chadiza kapena Lundazi likafuna kuti mwana wake athandizidwe kusiya, anthu amaliuza za chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Chipata, ngati kuti ndalama ya basi imamera m'munda wa mtedza. Pa 25 May Mtsogoleri wa dziko akakhululukira akaidi timaimba nthungululu, koma miyezi isanathe zipinda zadzazanso ndi anyamata omwewa.

Ndikupempha Nduna yoona za m'dziko ndi Nduna ya Zaumoyo kuti akhale pansi ndi a bungwe lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo la Drug Enforcement Commission, amene ali kale ndi alangizi. Patulani wodi ya osuta ndi zidakwa pa Chipata Central Hospital, ndipo oweruza azitumiza kumeneko opezeka ndi chosuta chokha, kwinaku akutchetcha udzu pasukulu monga chilango. Ogulitsa masaka a chamba ndiwo muwatsekere, malo awo apezeka.

Kholo lokhumudwa,
Kapata, Chipata