Ndigulitse chithunzi cha mlongo wanga?

Agogo,

Ndikulemba usiku, mayi a kunyumba agona osandiyankhula. Dzina langa musalitulutse chonde, akwathu amawerenga tsamba lanuli.

Ndine wojambula zithunzi ndi penti kuno ku Blantyre. Zomwe zimandidyetsa ndi zija alendo amakonda: mlambe dzuwa likulowa, asodzi pa bwato, amayi atasenza mitsuko. Zimenezo ndimajambula kwinaku ndikumvera mpira pa wailesi, ndipo zikagulidwa sindicheukanso. Chandisowetsa tulo ndi chithunzi chimodzi chokha.

Mlongo wanga ankakhala ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri lija, matope ndi miyala zinadutsa pomwe panali nyumba yake. Tinafunafuna ku msasa wa pa sukulu ya Naotcha, tinafika mpaka ku mochale ya ku Queens, osamupeza. Manda alibe mpaka lero. Tinali titasemphana mawu pa nkhani ya ndalama yomwe sindiilemba pano, koma woyamba sindinali ine, ndipo pabanja pathu aliyense akudziwa yemwe ankasonkhezera. Alamu angawo pano anakwatira kale wina.

Mvula itadula ndinapita pamalopo n'kutapa dothi m'kajumbo ka shuga. Ndinalisefa, ndinalisakaniza ndi guluu wa matabwa ndi penti wofiirira, n'kulimata pa nsalu ndi zala, osati bulashi. Nkhope sindinajambule. Ndi matope okhaokha, kupatula pakona pomwe patulukira kansonga ka chitenje cha buluu ndi mpini wa chipande. Mukapititsapo dzanja mumamva timiyala.

Mnzanga yemwe timagawana malo ogulitsira anachitola pa foni n'kuchiponya pa Facebook osandipempha. Akuti amandithandiza. Ndi yemweyu anabwereka mabulashi anga abwino n'kubweza atauma gwa, pepani ngakhale mmodzi ayi, lero akuyankhula ngati ndiye manejala wanga. Chiponyereni, anthu akumabwera kudzaona. Mayi wina wa ku Manja anaima patsogolo pake nthawi yaitali, kenako anagwira pakamwa n'kuyamba kulira, amvekere chitenje chimenecho n'cha mwana wawo. Agogo, ine ndinapsa mtima. Si cha mwana wawo! Komatu moyo wanga wonse ndakhala ndikulakalaka kujambula chinthu choti munthu achimve mumtima, osangoti "chokongola, ndalama zingati?" Chachitika tsopano, ine n'kumaona ngati andibera maliro.

Ndiye pabwera mzungu wina wogwira ntchito ku bungwe lina, akubwerera kwawo ku Ulaya mwezi uno ukatha. Ndalama yomwe watchula ingatseke ngongole ya lendi ndi fizi ya mnyamata wathu wa Fomu 3, n'kutsalako. Mayi a kunyumba akuti, "Bambo a ana, akufa sadya nsima." Anachichotsa pabalaza n'kuchikankhira kuseri kwa wadirobu mpaka pakona panagamphuka, akuti chimawaopsa ana, chonsecho ana sanadandaulepo kwa ine. Akutinso chijambulireni ichi sindinamalize chithunzi china chooneka. Aiwala kuti kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 penti anakwera zoti sugula mwachisawawa. Mlongo wangayo sankagwirizana naye n'kale lomwe, ndiye sindikudziwa ngati vuto ndi lendi yokha.

Mkulu wina wosema ziboliboli, yemwe anaphunzirira ku Kungoni, malo a zaluso omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa ku Mua mu 1976, anandikhazika pansi. Iye akuti chinthu chikangogwira mtima wa munthu wina ndiye kuti chachoka kale m'manja mwako, ndipo mmisiri wokakamira ntchito yake imodzi manja ake amauma. Akuti mayi analira uja ndi umboni woti chithunzicho chatha ntchito yake pa ine, ndichimasule. Mwina akunena zoona, sindikutsutsa. Koma iyeyo amasema mtengo wa m'tchire. Ine m'dothi limenelo mwina muli mlongo wanga.

Tandiuzani agogo. Ndikagulitsa, ndamumasula kapena ndamugulitsa? Chikakapachikidwa m'nyumba yachilendo, anthu akumwa tiyi pansi pake osadziwa n'komwe komwe kuli Chilobwe, mzimu wake ungandikhululukire pomwe tinasiyana osayankhulana? Nanga ndikakana, mwana wanga n'kubwezedwa kusukulu, ndidzamuuza kuti chiyani? Ndayesa kujambula china chofanana nacho kuti ndimupatse mzunguyo, chikutuluka chabodza, ngakhale ine ndikuchiona. Kodi kumeneko kungakhale kuba?

Mayi anga kumudzi sakudziwa zoti ndinatapa dothi lija. Ndiwauze ndisanayankhe, kapena ndingowapweteka pachabe? Mzunguyo akufuna yankho Lachisanu likubwerali.

Ine wosowa pogwira,
Blantyre