Okalamba odwala khansa ya m'magazi ali ndi chithandizo chawo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mawu amene amanenedwa mwachangu m'chipatala koma amasiya banja lonse lili kakasi: "Agogowa sangapirire mankhwala amphamvu." Ife tinawamva pamene bambo anga, a zaka 77, anapezeka ndi khansa ya m'magazi yotchedwa acute myeloid leukemia, imene madokotala amangoti AML. M'makutu mwathu zinamveka kuti basi, kwatha. Mchemwali wanga anayamba kupinda zovala zawo usiku womwewo. Panadutsa masiku awiri tisanadziwe kuti adokotala aja ankanena za mtundu umodzi wokha wa mankhwala.

Mtunduwo amautcha 7+3: cytarabine masiku 7 ndi daunorubicin masiku 3, zonse za m'diripu. Njirayi inayamba m'zaka za m'ma 1970. Imasesa mafuta a m'mafupa, momwe magazi amapangidwira, kenako n'kudikira kuti maselo abwino aphukenso. Wodwala amagona m'chipatala pafupifupi mwezi, thupi lilibe chitetezo. Wa zaka 40 amatha kuwoloka. Wa mtima wofooka kapena impso zotopa, mankhwalawo akhoza kumutenga khansayo isanamutenge. Choncho sindikuwatsutsa madokotala akamakana kupereka 7+3 kwa nkhalamba. Chimene chimandipweteka n'chakuti mawu awo amathera panjira. Nthendayi ndi ya akuluakulu, pafupifupi theka la odwala amapezeka nayo atapitirira zaka 68, ndiye "osapirira" amenewa si anthu awiri atatu ayi.

Bambo anapatsidwa jakisoni wa azacitidine ndi mapiritsi a venetoclax. Maselo a khansayi amadalira puloteni yotchedwa BCL-2, imene imaletsa selo kufa nthawi yake ikakwana. Ofufuza a ku Walter and Eliza Hall Institute ku Melbourne ndi amene anaonetsa ntchito ya puloteniyi mu 1988. Venetoclax amaitsekereza, selo la khansa n'kufa lokha. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linavomereza mankhwalawa mu 2018 kwa odwala AML a zaka 75 kupita m'tsogolo, kapena amene ali ndi matenda ena. Mu 2020 panatuluka zotsatira za kafukufuku wa VIALE-A, wa odwala 431. Mwa amene analandira mankhwala awiriwa pamodzi, khansa inagonja mwa anthu 66 pa 100 alionse, pamene kwa olandira azacitidine yekha anali 28. Theka la gulu loyamba linakhala ndi moyo kupitirira miyezi 14.7, lachiwiri miyezi 9.6.

Ndikudziwa, wina ati miyezi isanu n'chiyani. Inenso ndinatero nditaona manambalawo. Ndipo tisanamizane, kwa ambiri mankhwalawa sachiza, amangoigoneka khansayo kwa kanthawi. Koma miyezi imeneyo bambo anaikhala ali kunyumba, akudzisambitsa okha, akutikalipira tikachedwa kuwatsegulira wailesi. Ine sindingaipeputse.

Mawu akuti "mankhwala ofatsa" nawonso amasocheretsa. Venetoclax sayambidwa ndi mlingo wonse: tsiku loyamba 100 mg, lachiwiri 200 mg, lachitatu 400 mg, kwinaku akuyeza magazi pafupipafupi, chifukwa maselo akafa ambiri nthawi imodzi zinyalala zake zimalemetsa impso. Bambo ankamwa madzi mpaka kudandaula. Jakisoni ankabayidwa pamimba masiku 7 pa masiku 28 alionse, ndipo pamalopo pankafiira n'kumayabwa, moti anesi ankasinthasintha mbali. Sabata yachitatu magazi anatsika zedi, anawaika magazi kangapo. Usiku wina ndinawagwira pachipumi ndikumva moto. Kachipangizo koyezera kanaonetsa 38.4. Iwo amvekere, "Mwanawe, tidikire kuche." Sitinadikire, ndipo adokotala anati tinachita bwino, pakuti munthu amene maselo ake oyera a m'magazi, oteteza thupi ku matenda, atsika, kutentha thupi kofika 38 n'kwangozi, kachirombo kamafalikira m'maola ochepa. Mu kafukufuku uja, vuto lomweli linagwera odwala 42 pa 100 alionse olandira mankhwala awiriwa. Palibe anatiuza zimenezi poyamba. Tinaphunzira usiku umenewo.

China chimene tikanaphonya ndi kudana kwa mankhwala. Mapiritsi oteteza ku mafangasi, monga posaconazole, amachititsa kuti venetoclax achuluke m'magazi, ndiye mlingo wake umayenera kuchepetsedwa kwambiri. Chipatso cha grapefruit chimachitanso zofanana. Wopereka mankhwala ku famase ndi amene anaona kuti mapepala awiri a bambo sakugwirizana, n'kuimbira adokotala. Kuyambira pamenepo chilichonse cholowa m'kamwa mwawo, ngakhale cha zitsamba chobwera ndi alendo odzazonda, tinkayamba tafunsa.

Sikuti njira ndi imodzi yomweyi. Odwala ena khansa yawo imakhala ndi kusintha pa jini (kachidutswa ka malangizo oyendetsa selo) yotchedwa IDH1, ndipo kwa iwo kuli mankhwala otchedwa ivosidenib. Pa kafukufuku wa AGILE, theka la amene analandira ivosidenib ndi azacitidine anapitirira miyezi 24, pamene a azacitidine yekha anali pafupifupi miyezi 8. Munthu sangadziwe ngati ali m'gulu limeneli popanda kuyezetsa majini a maselo a khansayo, ndiye banja lizifunsa ngati kuyeza kumeneku kwachitika. Aliponso okalamba amene akamva zonsezi amasankha kungoikidwa magazi ndi kulandira mankhwala ochepetsa ululu. Ameneyo ndi ufulu wawo, bola asankhe atauzidwa, osati banja liwasankhire pakhonde iwo ali m'tulo. Ife tinatsala pang'ono kuchita zimenezo, ndipo bambo atamva anakwiya kwambiri.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi n'loti mukamalemba za khansa musaiwale nkhalamba. Pezani dokotala wa matenda a magazi, mumufunse kuti "wosapirira" amamudziwa bwanji, ngati amangoona zaka kapena amayezanso mtima, mapapo, impso ndi mphamvu zoyenda yekha. Yankho lakelo mulisindikize m'chinenero chimene mabanja angawerenge ali pabenchi, akudikira kuitanidwa.

Ine wowerenga wanu wa masiku onse.