Za bondo la mwana wa mlongo wanga

Achimwene,

Kuno ku Ulongué tili bwino pang'ono, kaya inu ku Johannesburg. Uthenga wanu woti mukufuna kugula ufa wachikasu uja wa turmeric, poti zomera nazo zimachiza khansa, ndinaulandira, ndipo ndathokoza kuti mukumuganizira mnyamatayu. Koma musathamangire kugula, imvani kaye.

Mukukumbukira kuti bondo lija tinkati anavulala ku mpira. Mayi ake ankalithowa ndi madzi otentha madzulo aliwonse, koma chotupa chinkangolimba, usiku mwana osagona ndi ululu. Tinataya miyezi. Atamujambula ku Tete n'kudula kanyama kukayeza, anati ndi khansa ya m'mafupa yotchedwa osteosarcoma. Adokotala akuti imakonda ana a msinkhu wakewu, makamaka pafupi ndi bondo, ndipo ikachedwa imafalikira kumapapo.

Zoti zomera zimatulutsa mankhwala a khansa, simukunama. Kaduwa kofiirira kaja amayi anadzala pakhomo, kokhala ndi timasamba tisanu, kosafota ngakhale m'chilimwe, komwe pa Chingerezi amati periwinkle, kwawo ndi ku Madagascar. M'zaka za m'ma 1950 akatswiri a ku Canada ankakafufuza pomva kuti anthu amamwera matenda a shuga. Za shuga sizinaoneke, koma anapeza kuti kamachepetsa maselo oyera m'magazi a makoswe. M'kaduwa komweko munachokera mankhwala a khansa otchedwa vinblastine ndi vincristine, ndipo vincristine mpaka lero amapatsa odwala Ewing sarcoma, mtundu wina wa khansa ya m'mafupa. Etoposide nayenso gwero lake ndi chomera cha ku North America chotchedwa mayapple.

Mlongo wanga atamva izi anafuna kuthyola masamba aja awiritse. Ndinachita kumulanda poto! Pamafunika mulu waukulu wa masamba kuti apeze kamankhwala kochepetsetsa, kenako amakayenga, n'kukayeza mogwirizana ndi thupi la wodwala, n'kukalowetsa kudzera mumtsempha. Ngakhale zitatero ena amachita dzanzi m'manja ndi m'mapazi. Nanga zowiritsa pamafuwa, mlingo wake angaudziwe ndani?

Turmeric wanuyo ali ndi chinthu china chotchedwa curcumin. M'labotale imaphadi maselo a khansa, koma munthu akamwa, yochepa kwambiri ndi imene imalowa m'magazi, ndipo sizinatsimikizike kuti imachiza munthu wodwala khansa ya m'mafupa. Ogulitsa aja mbali imeneyi sainena.

Mwanayu panopa ali ku Maputo, akulandira mankhwala a khansa otchedwa methotrexate, doxorubicin ndi cisplatin, pambuyo pake opaleshoni. Ngati mwendo aupulumutse kapena ayi, atiuza akaona mmene chotupa chamvera mankhwala. Ndiye ndalama mumati mugulire ufa zija, tumizani zithandize pa thiransipoti ndi chakudya cha mayi ake. Ulendo wochoka ku Angónia kukafika kumeneko mukuudziwa kutalika kwake, ndipo mbatatesi zomwe tinagulitsa ndalama yake inathera panjira.

Tsitsi layamba kuthothoka, akungovala chipewa. Dzulo pafoni anandifunsa ngati malume a ku Joni akukumbukirabe jezi ya Orlando Pirates munamulonjeza ija.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa ku Ulongué