Kalata yochokera ku Isesaki

Isesaki, Gunma, Japan
27 Disembala

Amayi,

Moni nonse kumeneko. Ine ndilipo, kuzizira kokha. Esnart, uwawerengere amayi kalata yonseyi, usalumphe pamene pakukhudza mlongo wako Mavuto.

Malipiro talandira pa 25, pamodzi ndi kabonasi ka kumapeto kwa chaka. Koma ndisanatumize kanthu ndikufuna ndimve za mayeni 60,000 ndinatumiza mu Okutobala aja. Ndinanena pa foni momveka bwino: matumba anayi a feteleza, awiri wokulitsa, awiri wobereketsa, yotsalayo ya aganyu opalira. Tsono ndamva kuti m'nyumbamo munalowa matumba awiri okha, ndipo Mavuto akuyenda ndi foni yatsopano ndi chisipika chosokosera mudzi wonse. Amene wandiuza musamusake. Ndikufunsa inu amayi chifukwa ndalamayo inali yanu, iyeyo anangotumidwa kukatapa.

Akuti akumauza anthu kuti achimwene ndalama zawachulukira, onani akugona m'mahotela atavala mkanjo. Chithunzi chimenecho ndinatumiza kuti inu museke, osati chikhale chiphaso chodyera feteleza. Ine sindinatulutseko ngakhale yeni imodzi. Kuno chaka chikamatha mabwana amachitira antchito phwando, amati bonenkai, ndiye athuwa anatitenga tonse a m'yadi pa minibasi ya kampani kupita ku Kusatsu, kumapiri kwa Gunma konkuno. Tinagona pa ryokan, nyumba ya alendo yachikale ya anthu akuno. Mnzanga anandinong'oneza kuti mutu umodzi umaposa mayeni 15,000 usiku umodzi, kuphatikizapo chakudya chamadzulo ndi cham'mawa, ndipo pa kusamba pomwepo boma limadulapo msonkho wa mayeni 150. Mukuganiza ine wophwasula magalimoto akale tsiku lonse ndingataye ndalama yotere pogona?

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale abwere ndi mtengo wotani.

Ku Kusatsu madzi otentha amatuluka pansi ngati ku Mawira kwathu kuja, kungoti kuno ndi ochuluka moti tauni yonse imadya pa iwo. Pakati penipeni pa tauni pali malo amati Yubatake, madzi akutumphuka n'kumayenda m'migula yamatabwa, nthunzi tolotolo, fungo la sufule lokanirira m'zovala. Zachikasu zimene zimatsalira m'migulamo amazikolola n'kumagulitsa kuti munthu akathire m'bafa kwawo. Madziwo potuluka amaposa madigiri 50, sungalowemo, ndipo safuna kuwasungunula ndi ozizira kuopa kuwachepetsa mphamvu. Ndiye pali amayi amene amawavundula ndi matabwa aataliatali akuimba nyimbo mpaka azizireko. Masiku ano amachita zoonetsa alendo, anthu n'kumalipira kuti aone amayi akutakasa madzi.

Tikungofika pakhomo, nsapato vulani. Amakupatsa masilipasi, koma pa mphasa zawo za tatami supondapo nawo, ndipo kuchimbudzi kuli enanso akeake. Mkanjo munauonawo ndi yukata, suli wanga, amabwereka aliyense ndipo umasiya pomwepo pochoka. Mbali ya kumanzere imakhala pamwamba. Mnzathu wa ku Sri Lanka anavala mopingasa, mayi wotitumikira anamuthamangira kukamukonza msangamsanga, akuti mwa njira inayo amaveka maliro.

Esnart, fizi ya Tadala ya temu ikubwerayi ndinakupatsa kale mu Novembala. Usandipemphenso, ndipo risiti yake sindinaionebe.

Za kusambako, amayi, musawauze akumpingo. Amuna kwawo, nsalu ya pakhomo yabuluu, akazi kwawo, yofiira, koma mkatimo aliyense ali chibadwire, abwana ndi imvi zawo, ife anyamata awo, dziwe limodzi. Suyamba n'kulowa. Umakhala kaye pa kampando kakafupi n'kudzikhula ndi sopo mpaka thovu lonse lichoke, kenako ndiye ulowe, kathaulo kako n'kukapinda n'kukaika pamutu chifukwa sikayenera kukhudza madzi. Malo ambiri otere amakana anthu odzilemba zizindikiro pathupi, moti ine mtima unali m'mwamba ndi mphini zija anandicheka agogo kumsana, koma palibe anandiyang'ana kawiri. Madzi ake ndi owawasa kwambiri. Timabala tonse ta m'manja mwangamu, tocheka ndi malata a magalimoto, tinanyereza mpaka ndinaluma mano, ndipo abwana anatichenjeza kuti wa mphete yasiliva avule, ida. Kenako tinatuluka ku dziwe la panja, chipale chikugwera pamutu, thupi lili m'madzi otentha mpaka m'khosi. Msana wandivutitsa chiyambire ntchito yonyamula mainjini uja unangoti zii. Ndinakhala pamenepo ndikuganiza mawondo anu. Mukanati mukhalemo ngakhale sabata imodzi, bwenzi mukupita kudimba osatsamira ndodo.

Kodi kuchipatala munapita? Mu ndalama ya Novembala munali ya mankhwala a mawondowo ndi ya njinga yokufikitsani ku boma. Ngati nayonso inadutsa m'manja mwa Mavuto, mundiuze lero lomwe. Musamubise. Mwakhala mukumubisa kuyambira ali mwana, ndi chifukwa chake lero akutha kudya thumba la feteleza osachita manyazi. Ali ndi manja awiri, aganyu amene tikulipirawo ena ndi ang'ono kwa iye.

Chakudya chinali cha timbale tambirimbiri, kalikonse kongolawa: nsomba yaiwisi, ndiwo zoviika mumchere, kanyama kowira pa kamoto kako pamaso pako. Chokongola ndithu, koma ndinadzuka pamenepo mimba ikufunsa kondowole ndi usipa wotendera. Pobwerera kuchipinda tinapeza atiyalira kale matiresi pansi, asanu chipinda chimodzi. Ndalama zonse zija, kugona kwake pansi! M'mawa mpunga, nsomba yootcha, msuzi wa soya wotchedwa miso ndi soya wonanda uja ndinakuuzani kuti sindimutha. Pofika masana tinali m'minibasi. Ndi umenewo ulemerero akuulalikira Mavutowo. Kumene ndimagona masiku onse ndi kachipinda ka anthu awiri, ndipo parafini wa hita mwezi uno wandidyera ndalama yoti bwenzi ili thumba lina la feteleza.

Tsono mvetserani. Mawa nditumiza mayeni 40,000 pa nambala ya Esnart, osati ya Mavuto. Esnart, upite wekha ndi amalume, mugule matumba awiri a wobereketsa, chimanga chisapitirire nthawi yake. Ujambule matumbawo ali m'nyumba, amayi ataima pambali, ndi risiti yake. Yotsala ugule shuga, sopo ndi nkhuku ya chaka chatsopano, ana asaone ngati bambo awo aakulu anawaiwala. Za malata a khitchini tidikire Febuluwale, ndione kaye mmene izi ziyendere.

Mavuto andiimbire Lamlungu musanapite kutchalitchi, 7 koloko m'mawa kwanuko, kuno ikhala 2 koloko masana ndili pa nyumba. Aimbe pa foni yatsopanoyo, pa vidiyo, ndiione. Akapanda kuimba, amalume aitenge akagulitse pamodzi ndi chisipikacho, ndalama yake ilipire aganyu.

Mupereke moni kwa amalume, azakhali ndi a mfumu. Amene akubwera kuno mu Malichi uja mumupatsire ufa wa kondowole ndi usipa wouma, mukulunge bwino.

Ndine mwana wanu,
Yohane