Wokuwa aliyense si wamwano

Akonzi,

Sindikugwirizana ndi maganizo ofala akuti aliyense wokweza mawu ndi wamwano kapena wankhanza. Nthawi zambiri munthu amakuwa chifukwa akuona kuti sakumveka.

Ndimagwira ntchito m'fakitale ya makina aphokoso. Tikamacheza mmenemo timachita kukuwa mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka, osadziwa n'komwe. Dokotala wa ku France, Étienne Lombard, anafotokoza zimenezi mu 1911: phokoso likachuluka, mawu a munthu amakwera okha. Palinso okalamba amene makutu awo ayamba kugontha. Iwo amakuwa chifukwa sakudzimva bwino akamalankhula, koma ife timangowanena kuti ndi ovuta. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Kukuwa koipa ndi kwa bwana kapena kholo lofuna kuopseza. Mwana wokalipiridwa amangoti kakasi, maso ali pansi, ndipo malangizowo samulowa m'mutu.

Ndikupempha kuti olemba ntchito azipereka zotseka m'makutu paliponse pamene phokoso lafika madesibelo 85 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), komanso zipatala ziziyeza makutu a okalamba pafupipafupi. Makolo ndi aphunzitsi, muyandikireni mwanayo, muyang'aneni, kenako mumuuze motsitsa mawu chimene walakwitsa.

Wowerenga nyuzipepala yanu